Kukwera mapiri ndi kuona nyama ku Kommetjie: mafunso ndi mayankho

Kommetjie ndi kadera kachete ka m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, makilomita pafupifupi 40 kummwera kwa tauni ya Cape Town. Anthu athu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe amakhala chapafupi pomwepo, makamaka ku Masiphumelele, ndipo m'mawa uliwonse amadutsa m'tsinde mwa mapiri amenewa popita kukasamalira maluwa ndi nyumba za mabwana ku Noordhoek, Fish Hoek ndi ku Kommetjie komweko. Koma okwerako ndi owerengeka. Ena amati ndi za azungu, ena amati n'zodula, ena amaopa njoka. Chonsecho alendo amalipira ndalama zankhaninkhani za ndege kudzaona zinthu zomwe ife timaziyang'ana tili pa mzere wa takisi. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwera kawirikawiri tikamakopana kuti tsiku la ofu tikapondeko.

Ndikafika bwanji ngati ndilibe galimoto?

Kwerani sitima ya Metrorail ya Southern Line pa siteshoni yaikulu m'tauni, kapena pa Wynberg, mukatsike pa Fish Hoek. Kuyambira pa Muizenberg njanji imatsata gombe lenileni, choncho khalani mbali ya kumanzere kuti muziona nyanja. Pa Fish Hoek pali matakisi opita ku Masi (Masiphumelele) ndi ku Ocean View kudzera mu Kommetjie Road, ndipo Kommetjie ili patsogolo pang'ono pa Ocean View. A galimoto ochokera m'tauni amadzera msewu wa Ou Kaapse Weg wodumpha phiri la Silvermine.

Kodi pamalipidwa ndalama?

Malo ambiri ayi. Mapiri onsewa ali m'manja mwa Table Mountain National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1998 ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la SANParks, koma mbali yaikulu ya pakiyi ilibe mpanda kapena geti. Phiri la Slangkop, gombe la Noordhoek, Elsie's Peak pamwamba pa Fish Hoek, konseku mumangoyamba kuyenda basi.

Kolipira ndi ku Cape Point, ku Boulders kuja kuli ma penguin, ndi ku Silvermine. Ku Cape Point ndi ku Boulders mitengo ilipo itatu: wa eni dziko, wa nzika za mayiko a SADC, ndi wa alendo ena onse, womwe ndi wokwera kwambiri. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ndi mayiko a SADC, koma pa geti sakhulupirira za pakamwa. Mukaiwala pasipoti mulipira mtengo wa munthu wochokera ku Germany. Tenganinso khadi la ku banki chifukwa mageti amenewa anasiya kulandira ndalama za pamanja.

Sindinakwerepo phiri. Ndiyambire pati?

Yambani pansi, pa Kom, kadziwe ka miyala komwe mabwato a asodzi amalowera m'nyanja. Kuchoka pamenepo pali kanjira, mwina ka matabwa mwina ka mchenga, kotsata gombe mpaka pa nsanja ya nyali younikira sitima ya Slangkop. Nsanjayo ndi yachitsulo, yoyera, yotalika mamita 33, ndipo inayamba kuunika mu 1919. Ulendowu ngwaufupi, agogo ndi ana atha kuuyenda. Muziyang'ana pamiyala: pamakhala mbalame zakuda za cormorant zitayanika mapiko, ndi zina zoyenda ziwiriziwiri, zakuda bii koma za mlomo ndi maso ofiira, zotchedwa oystercatcher. Zimenezi zimaikira mazira pamchenga penipeni nthawi yotentha, popanda chisa chooneka. Zinachepa kwambiri, koma zinayamba kuchulukanso boma litaletsa kuyendetsa galimoto m'magombe mu 2001. Ikakulirirani mokalipa n'kumathamanga uku ndi uku, dziwani kuti mwayandikira mazira, patukani.

Miyendo ikazolowera, kwerani Slangkop. Njira imayambira kumtunda kwa nyumba, pafupi ndi katchalitchi kakang'ono ka Katolika mu Rubbi Road, n'kukafika pa mabwinja a Cobra Camp, pomwe asilikali ankaonera sitima za adani pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mukaima pamenepo nsanja ija imakhala pansi panu, kumpoto mukuona mchenga woyera wa Noordhoek, phiri la Chapman's Peak ndi mapiri a ku Hout Bay. Kupita ndi kubwera sikukudyerani theka la tsiku.

Amene wakhuta zimenezi apite ku Chapman's Peak, ya mamita 593, kapena ku Silvermine komwe kuli phanga la Elephant's Eye ndi damu lomangidwa mu 1898. M'damumo anthu amasambira. Madzi ake ndi ofiirira, koma si litsiro, ndi utoto wochokera ku mizu ndi masamba a zitsamba za m'phirimo.

Nanga zitsulo zili pakati pa mchenga wa Noordhoek zija n'chiyani?

Ndi zotsalira za sitima ya Kakapo, yomwe inkapita ku Australia mu 1900. Kunali mkuntho, woyendetsa anaona Chapman's Peak n'kuyesa ndi Cape Point, anakhota msanga, sitima n'kukwera pamchenga ndi liwiro lake lonse. Palibe anamwalira, anthu anangotsika n'kuyenda. Chomwe chikuoneka bwino lero ndi chithanki chake cha nthunzi ndi nthiti za dzimbiri. Gombe lonse kuchoka ku Kommetjie kukafika m'tsinde mwa Chapman's Peak ndi makilomita pafupifupi 8, ndipo nthawi ya mvula pamakhala madzi otuluka m'dambo la Wildevoëlvlei oti muwoloke. Pitani madzi a m'nyanja ataphwa kuti muziponda mchenga wolimba. Koma musapite nokha, werengani kaye funso la akuba lili m'munsimu.

Mapiri akewo ndi timapiri. Munthu wokulira m'tsinde mwa Mulanje angaope chiyani?

Kunena za kutalika, n'zoona. Sapitwa ndi wa mamita 3,002, pomwe nsonga ya Table Mountain ndi mamita 1,086 okha, ndipo a kuno kummwera ndi aafupi kuposa pamenepo. Chovuta si kutalika, ndi nyengo. Dera limeneli ndi kamtunda kowonda kolowa m'nyanja, mphepo imawomba kuchokera mbali zonse. Mumanyamuka dzuwa likuswa mtengo, pofika pamwamba mtambo wakuta phiri ngati chiperoni, njira osaonekanso, thukuta lija layamba kuzizira pamsana. Anthu ambiri amene amapulumutsidwa m'mapiri a ku Cape si ogwa m'maphompho ayi: ndi osochera mu chifunga, otheredwa madzi, opotokola bondo, ndi amene kunawadera ali kumtunda atavala kamalaya kamodzi.

Choncho m'chikwama mukhale jekete ngakhale kutenthe bwanji, madzi osachepera malita awiri pa munthu nthawi yotentha, chipewa, kachakudya, ndi foni yodzaza moto. Mitengo ya mthunzi kulibe, ndipo timitsinje tambiri timauma dzuwa likafika. Nsapato zikhale zogwira pamwala, za tchalitchi ndi masilipasi zitsale.

Nyengo yabwino ndi iti?

Kumbukirani kuti kuno nyengo ndi yotembenuka poyerekeza ndi kwathu: mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo Disembala ndi wouma. Ine ndimakonda Seputembala ndi Okutobala, maluwa ali ponseponse, anangumi ali m'nyanja, kutentha kusanafike. Malichi ndi Epulo nawonso ndi abwino chifukwa mphepo imakhala itagonja. Kuyambira Novembala mpaka Febuluwale kumawomba mphepo yamphamvu ya kummwera chakum'mawa, ija amaitcha Cape Doctor, yoti pamwamba pa phiri imakugwetsa. Nthawi imeneyo nyamukani mbandakucha. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, koma mu Juni 6 koloko isanakwane kwada kale, ndipo ambiri amapusitsika pamenepa.

Kodi muli mikango kapena akambuku?

Mulibe. Mikango, akambuku ndi afisi anatha kalekale m'dera lino. Chilombo chachikulu chomwe chatsala ndi caracal, mphaka wa m'tchire wofiirira, wa makutu osongoka okhala ndi ubweya wakuda kunsonga. Ndi wamanyazi, sagwira munthu, ndipo mukamuona mwachita mwayi. Mdani wake wamkulu ndi galimoto ndiponso mankhwala a makoswe: khoswe akadya poizoni, caracal n'kudya khosweyo, poizoni uja amamulowa nayenso.

Zomwe mungakumane nazo ndi mbira zikuwothera dzuwa pamiyala, nyenga zodutsa njira mothamanga, akamba ang'onoang'ono, agulo a mitu yobiriwira, ndi minga za nungu zogwera m'njira, mwiniwakeyo amayenda usiku. Mbawala zing'onozing'ono zilimo koma zimabisala. M'mawa kwambiri pa gombe mutha kuona mapazi a katumbu, amene kuno amasaka nkhanu m'nyanja yamchere n'kukasamba m'madzi abwino a m'timitsinje. Ofuna nyama zikuluzikulu alipire geti ya Cape Point: kuli nchefu, mbidzi za m'mapiri, mbawala za mtundu wa bontebok ndi nthiwatiwa zoyenda m'mphepete mwa nyanja. Mukakajambulitsa kumeneko musalembe kuti mwafika kumathero a Africa, chifukwa nsonga ya kummwera kwenikweni ndi Cape Agulhas.

Anyani ndiwachite bwanji? Kwathu timangowathamangitsa ndi miyala.

Apa ndiye pofunika kumvetsetsana. Kuno nyani ndi wotetezedwa ndi lamulo. Kumugenda, kumutchera msampha, kumulumitsa agalu ndi mlandu. Kumupatsa chakudya ndi mlandunso, ndipo kunena zoona woponya nthochi ndi amene amapha anyani ambiri kuposa woponya mwala.

Zimakhala chonchi. Anyani a m'dera lino anatsekeredwa: kumpoto kuli mzinda, mbali zina zonse nyanja. Kambuku amene ankawaopsa kulibe. M'phirimo chakudya n'chovuta, nyani amatha tsiku lonse akufukula mizu, kutola njere, ena mpaka kutsikira kugombe kukaswa nkhono za pamiyala. Ndiye akangolawa buledi wa mu bini, amazindikira kuti chimene amachivutikira tsiku lonse chimapezeka kamodzin'kamodzi kukhitchini kwa munthu. Kuyambira pamenepo sabwereranso m'mbuyo. Amaphunzira kutsegula chitseko cha galimoto, zenera lotsetsereka, ngakhale filiji. Akazolowera kwambiri mpaka kulanda zikwama m'manja mwa anthu, akuluakulu oona za nyama amamulemba kuti ndi wovuta, ndipo mathero ake nthawi zambiri ndi kuphedwa.

Anthu a ku Kommetjie ndi ogawanika kwambiri pa nkhaniyi, ena amawakonda ngati ana awo, ena atopa nawo. Mu 2020 nyani wamphongo wa gulu la Slangkop, wotchedwa Kataza, anasamutsidwira ku Tokai chifukwa chotsogolera anzake kulowa m'mudzi. Anthu anachita zionetsero, nkhani inafika kukhoti, anamubwezera kwawo, koma kumayambiriro kwa 2021 anakamusiya kumalo osungirako nyama ku Limpopo. Anyamata ovala yunifolomu amene mumawaona m'mbali mwa msewu atanyamula mfuti za timipira ta penti, ntchito yawo ndi yotchinga anyani kuti asalowe m'nyumba za anthu.

Mukakumana nawo m'njira, imani, apatseni mpata adutse. Chakudya chikhale m'chikwama chotseka, osati m'jumbo la m'manja, chifukwa jumbo amalidziwa bwino. Wamphongo akagwira chikwama, musiyireni. Mano ake ndi aatali kuposa momwe mukuganizira, ndipo akafufuza n'kupeza kuti mulibe chodya amachitaya. Musaime pakati pa mayi ndi mwana wake, musamutsekereze pakona. Kwa inu ogwira ntchito m'nyumba: bini ikhale yokhoma, mbale ya zipatso isaonekere pa zenera, ndipo nyani akalowa m'nyumba musatseke chitseko. Mutsegulireni njira, muimirire chapatali, mumuuze mwamphamvu kuti atuluke.

Nanga njoka?

Zilimo, ndipo zoopsa ndi zitatu. Mphiri mukuidziwa kale: yonenepa, yaulesi, siithawa, imagona m'njira kuwothera dzuwa ndipo khungu lake limafanana ndi nthaka. Cape cobra nthawi zambiri ndi yachikasu kapena yofiirira, imadzutsa mutu n'kufutukula khosi, ndipo ululu wake umaletsa munthu kupuma. Boomslang imakhala m'zitsamba, ndi yamanyazi, imaluma amene akuigwira. Palinso njoka yaikulu yakuda yodya mfuko, yomwe ilibe ululu ngakhale imaluma ikaputidwa, ndipo anthu amaipha kaamba ka mantha chabe.

Yang'anani poponda, musalowetse dzanja m'mphako, ndipo mukaiona bwererani pang'ono muisiye ipite. M'paki kupha njoka n'koletsedwa. Ikapezeka pa yadi ya abwana, pali anthu ophunzitsidwa kugwira njoka amene amabwera kudzaichotsa.

Munthu akalumidwa, za kwathu zija zotema mphini, kuyamwa bala, kumanga chingwe molimba kapena kuika mwala wakuda zisiyeni. Zimangotaya nthawi, ndipo pa bala la mphiri kumanga kumawonjezera kuola kwa mnofu. Mkhazikeni pansi, muvuleni mphete ndi wotchi, imbani foni, apite kuchipatala msanga. Chipatala cha boma chapafupi ndi False Bay Hospital ku Fish Hoek. Kachilombo koluma anthu ambiri kuposa njoka ndi nkhupakupa, choncho mukafika kunyumba dzifufuzeni m'miyendo ndi m'chiuno.

Phiri lopanda mitengo, tchire lokhalokha, chosangalatsa n'chiyani?

Gwadani muyang'anitsitse. Tchire limeneli amalitcha fynbos, ndipo chigawo chino cha Cape chili ndi mitundu ya zomera pafupifupi 9,000, yambiri mwa iyo yosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. N'chifukwa chake mu 2004 UNESCO inaika malo otetezedwa a chigawochi m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Pamalo poti mutha kuyala mphasa imodzi mupeza timaluwa tamitundumitundu, tina tonga timabelu tapinki, tina tonga bango lowonda. Amene anafikako ku Nyika kapena pamwamba pa Zomba adzazindikira ma protea, chifukwa abale ake amamera kumeneko. Pa maluwa amenewa pamatera timbalame ta choso tonyezimira, ndi ina ya mchira wautali kwambiri yotchedwa sugarbird, yomwe imanyamula mungu pamutu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina.

Chodabwitsa n'chakuti tchireli limafuna moto. Ma protea ena amasunga njere m'zibalobalo zouma kwa zaka, n'kuzitulutsa moto ukadutsa. Njere zina nyerere zimazikokera pansi pa nthaka, komwe zimadikira utsi ndi kutentha kuti zimere. Koma moto wake uyenera kubwera patapita zaka khumi kapena kuposerapo. Ukabwera pafupipafupi, zomera zimapsa zisanabereke. Moto waukulu wa mu Malichi 2015 unayambira kumtunda kwa Muizenberg n'kukafika mpaka ku Chapman's Peak, ndipo chaka chotsatira mapiri omwewo anali maluwa okhaokha. Mitengo yobwera ya ku Australia, Port Jackson ndi rooikrans, yomwe inadzalidwa kale kuti igwire mchenga, ndiyo ikuwononga: imamwa madzi ambiri, imaphimba zomera za kuno, ndipo ikayaka moto wake ndi woopsa. Nkhuni za braai zogulitsidwa m'mbali mwa msewu zija zambiri ndi rooikrans, ndiye pamenepo wotchani ndi mtima woyera.

Ndingathyoleko mankhwala azitsamba, kutola nkhuni, kapena kutenga nkhono za kunyanja?

M'paki ayi, ngakhale duwa limodzi. Kamba musamunyamule kupita naye kunyumba, ndi mlandu. Mitengo ya milkwood yomwe ili m'mphepete mwa nyanja ku Kommetjie ndi yotetezedwa moti ngakhale kuisadza pa yadi pamafunika chilolezo, mfundo yoti wa m'galadeni aliyense aidziwe abwana asanamupatse sowo.

Za m'nyanja zimafuna chiphaso cha boma: kuwedza, kutola nkhono, kugwira nkhanu zikuluzikulu za kreef, zomwenso zili ndi masiku ake ochepa pa chaka ndi muyezo wake. Malo ena ndi oletsedwa kotheratu ngakhale muli ndi chiphaso. Koma nkhono zikuluzikulu zotchedwa perlemoen musayerekeze n'komwe. Wina akakuuzani kuti pali ganyu yonyamula zikwama usiku kugombe, ndalama yake ndi yabwino, kanani. Imeneyo ndi njira ya kundende, ndipo mlendo akamangidwa pa mlandu wotere za mapepala ake zimathera pomwepo.

Gulu lathu la mapemphero limafuna kukachezera kuphiri. Zingatheke?

Kupemphera masana palibe angakuletseni, bola mukhale m'njira zovomerezeka, musachite phokoso la zokuzira mawu, ndipo zinyalala mubwerere nazo. Vuto ndi kugona ndi moto. Kugona m'phiri kapena m'mapanga n'koletsedwa kupatula pamalo omwe a paki anakonza, ndipo kusonkha moto, ngakhale kuyatsa kandulo, ndi mlandu waukulu. Atsogoleri a mapemphero aganizepo bwino apa: kandulo imodzi mu Januwale, mphepo ija ikuwomba, itha kutentha phiri lonse ndi nyumba za m'tsinde, ndipo zoyamba kupsa sizikhala za olemera okha. Ofuna kuwotcha nyama apite ku Soetwater, kungodutsa nsanja ya Slangkop, komwe kuli malo a braai ndi maiwe osambiramo ana. Kumeneko n'kolipira.

Ma penguin ndikawaona kuti?

Ku Boulders, ku Simon's Town, tsidya lina la mapiri. Anayamba kukhazikika kumeneko mu 1982, ali mabanja awiri okha. Ndi mbalame zosauluka, zoyenda chodzandira pamtunda koma m'madzi ndi mphezi, ndipo kulira kwake ndi kwa bulu weniweni. Ngati thumba lapyapyala, pali kanjira kaulere ka Willis Walk kodutsa kuseri kwa gombelo, komwe mumawaona ali m'zisa pansi pa zitsamba. Amaluma, musawagwire. Mukaimika galimoto chapafupi, suzumirani pansi musanalize injini.

Aoneni akadalipo. Mu 2024 bungwe la IUCN linaika penguin wa ku Africa m'gulu la nyama zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Kale anthu ankatola mazira ake n'kukokolola zitosi zomwe ankakumbamo zisa kuti akapange feteleza. Mu 2000 sitima ya Treasure inamira pafupi ndi Robben Island, mafuta ake n'kudetsa ma penguin pafupifupi 19,000, omwe ambiri anatsukidwa ndi bungwe la SANCCOB ndi anthu ongodzipereka. Lero vuto lalikulu ndi njala: tinsomba ta sardine ndi anchovy tomwe amadya tachepa, ndipo amalimbirana ndi makampani a usodzi. Mukawapeza ena ataima duu, nthenga zili nyankhalala, sakudwala. Akusintha nthenga, ndipo kwa milungu pafupifupi itatu salowa m'madzi kapena kudya, choncho kuwathamangitsa nthawi imeneyo ndi nkhanza.

Ndimatha kusambira, ndinakulira kunyanja. Ndingalowe?

Kusambira ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi ndi kwina, kuno ndi kwina. Mbali ya Kommetjie madzi ndi ozizira zedi, ndipo amazizira kwambiri nthawi yotentha, chifukwa mphepo ija imakankha madzi a pamwamba, a pansi ozizira n'kukwera. Miyendo imachita dzanzi m'kanthawi kochepa. Kuwonjezera apo pali mikokomo yobisika yokokera munthu kukati. Ikakugwirani musalimbane nayo molunjika kumtunda, mutopa. Yandamani, kwezani dzanja, sambirani chopingasa motsata gombe mpaka ikusiyeni. Ngati mukufuna kusamba, pitani ku Fish Hoek kapena ku Muizenberg, komwe madzi ndi ofundirako, ndipo lowani pakati pa mbendera za opulumutsa anthu. Pamiyala musafulatire nyanja pojambulitsa.

Kumeneko kulinso a Shark Spotters, omwe anayamba mu 2004. Amakhala paphiri ndi zoonera patali. Mbendera yoyera ikakwera, sailini n'kulira, ndiye kuti shaki yaoneka, tulukani.

Chinanso: mu 2024 zinatsimikizika kuti ma seal (nyama za m'nyanja za nkhope yonga ya galu) a m'gombe la Cape ali ndi chiwewe. Mukaona seal pamchenga, kaya akuoneka wofatsa kaya wodwala, kaya wafa, musayandikire, ndipo ana ndi agalu atalikire. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Anangumi amabwera liti?

Kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala, makamaka Ogasiti mpaka Okutobala. A mtundu wa southern right amachokera kunyanja zozizira za kummwera kudzaswana m'magombe abata. Alibe chipsepse pamsana, ali ndi zigamba zoyera pamutu, ndipo mpweya wawo umatuluka mipita iwiri. Simufunika bwato. Khalani pa Boyes Drive kumtunda kwa Kalk Bay, kapena pa Jager's Walk ku Fish Hoek, mudikire.

Zikwangwani za achule m'misewu ya Noordhoek n'zachiyani?

Ndi za chule wotchedwa western leopard toad, wa mawanga ofiirira ozunguliridwa ndi chikasu, wopezeka m'chigawo chino chokha ndipo ali pangozi yotha. Chaka chonse amakhala m'magaladeni a anthu, akudya nkhono ndi tizilombo. Cha mu Ogasiti, usiku wa mvula, onse amanyamuka kupita m'maiwe kukaswana, n'kumadutsa misewu. Mukaona anthu ovala zonyezimira ali ndi matochi ndi zidebe pakati pa mvula, akuwolotsa achule amenewa. Musaseke kwambiri, chepetsani liwiro. Mukam'peza m'dziwe losambiramo la abwana, m'vuuleni mumuike pansi pa zitsamba.

Za akuba tikumvazi n'zoona?

N'zoona, ndipo ine ndimaopa zimenezi kuposa njoka ndi anyani kuphatikiza. Anthu akhala akulandidwa mafoni, nsapato ndi njinga, ena kubayidwa, pakati pa gombe la Noordhoek chakufupi ndi Kakapo, m'mapiri a Kalk Bay, cha ku Peers Cave ndi ku Red Hill. Zimachitika mwa apo ndi apo, kenaka kumakhala bata, kenaka zayambanso. Musaganize kuti poti ndinu wakuda akusiyani, foni ndi foni. Yendani anthu anayi kapena kuposerapo, sankhani Loweruka kapena Lamulungu m'mawa pomwe njira zili ndi anthu, funsani a m'deralo momwe zinthu zilili sabata imeneyo, ndipo akakuimitsani perekani. Pasipoti itengeni pokhapokha mukupita kolipira geti.

Palinso china chomwe abale ena amadandaula: kuyang'anidwa ndi diso lokayikira ukakhala munthu wakuda m'njira zimenezi. Zimachitika. Perekani moni, pitirizani ulendo. Pakiyi ndi ya aliyense.

Mabwinja a nyumba ali ku Red Hill ndi a ndani?

Mukamayenda njira yopita ku damu la Kleinplaas, kumtunda kwa Simon's Town, mudutsa makoma ogumuka ndi masitepe osalowera kulikonse. Unali mudzi wa anthu. Mu 1967 boma la tsankho linalengeza kuti Simon's Town ndi dera la azungu okha, ndipo mabanja a kumeneko, a ku Red Hill ndi a ku Noordhoek anasamutsidwa mokakamiza. Ambiri anakawataya ku Ocean View, komwe kunamangidwa mu 1968. Agogo ena omwe mumakwera nawo takisi ya ku Ocean View anabadwira m'nyumba zimenezo. Musakhale pamakomawo kapena kuchotsapo mwala.

Galu ndingapite naye?

M'njira zambiri za paki pamafunika chiphaso cha SANParks choyendera ndi galu, ndipo ku Cape Point ndi ku Boulders saloledwa n'komwe. Ngati mumayendetsa agalu a abwana, afunseni za chiphasocho, chifukwa woimitsidwa ndi inu. Komwe kuli anyani, galu akhale pa chingwe.

Ngozi itachitika ndiimbire ndani?

Sungani manambalawa mu foni musananyamuke: 112 pa foni ya m'manja iliyonse, ndi 021 937 0300 ya Wilderness Search and Rescue, opulumutsa anthu m'mapiri. Ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka ndipo salipiritsa, choncho musazengereze poopa bilu. Za m'madzi ndi za NSRI, opulumutsa anthu m'nyanja, omwe ali ndi siteshoni ku Kommetjie komweko.

Poimba nenani dzina la njira, pomwe munayambira, ndi momwe wovulalayo alili, ndipo ngati netiweki ilipo tumizani malo anu pa WhatsApp akakupemphani. Mukasochera mu chifunga musayese njira yachidule yotsikira, khalani pomwepo, valani jekete, mudikire. Wovulala asatsale yekha: mmodzi akhale naye, awiri apite kokasaka netiweki. Ndipo musanachoke pakhomo muuzeni wina njira yomwe mukadzere ndi nthawi yoti ayambe kukufunani ngati simunabwere.